Za Kugwa kwa Mabanki, ndi Amene Amasenza Mtolo Wake

Munthu wokhala ku Wenya, m'dziko la Mfumu Mwenewenya kum'mwera kwa boma la Chitipa, kumene mapiri a Mafinga aima pakati pa ife ndi Zambia ndipo msewu wafumbi upitirira kunka ku Nthalire ndi ku Nyika, akamva pa wailesi kuti banki yakutiyakuti yagwa kutsidya kwa nyanja, kapena kuti akuluakulu osunga chuma cha dziko ku Lilongwe asowa tulo chifukwa ndalama zakunja zatha, sitingamdzudzule akanena mumtima mwake kuti umenewo ndi mlandu wa eni ake. Pakuti iye chuma chake chili m'khola, m'nkhokwe ndi m'munda wa mawere ndi nyemba, ndipo banki imene ili pafupi naye ili kuboma, ulendo umene umadya tsiku lathunthu pamodzi ndi ndalama ya galimoto. Komatu mbiri ya dziko lathu, tikaiwerenga mofatsa kuyambira masiku a atsamunda kufikira lero, ichitira umboni chinthu chowawa: kuti pamene nyumba zosunga ndalama zigwedezeka, amene adali pafupi ndi ndalamazo kawirikawiri amapulumuka, ndipo mtolo umatsikira pamutu pa iye amene sadalowepo m'banki chibadwire.

Tiyambe tamvetsa chimene banki ili, chifukwa ambiri a ife timayesa kuti ndalama zimene tasungitsa zimagona m'chipinda chachitsulo kudikira tsiku limene tidzazifune, pamene zoona zake n'zakuti zimatuluka msanga kukagwira ntchito m'manja mwa ena. Tiyerekeze kuti mudzi wamanga nkhokwe imodzi yaikulu, mabanja onse atakolola nathiramo chimanga chawo, napangana ndi wosunga kuti aliyense adzatapa chake tsiku lililonse limene afuna. Wosungayo, poona kuti anthu satapa onse pamodzi, asiya madengu owerengeka pakhomo, natenga chotsala chonse kukongoza ofuna mbewu, amene adzabweze pokolola pamodzi ndi kadengu kapamwamba. Ndipo m'menemo mulibe chinyengo, pakuti mbewu yogona m'nkhokwe sipindulira munthu, koma yofesedwa idyetsa mudzi wonse. Tsono m'mwezi wa Januwale, chimanga chikadali chofika m'mawondo, wina anong'oneza mnzake kuchitsime kuti m'nkhokwe muja mwatsala madeya okhaokha. Mawu ayenda, dzuwa lisanalowe mudzi wonse waima pakhomo ndi madengu, ndipo wosunga, angakhale akhale wolungama ngati Yosefe wa ku Aigupto, sangathe kufukula mbewu imene idamera kale kuti abwezere eni ake. Oyamba kufika alandira, otsiriza abwerera chimanjamanja. Ndipo popeza aliyense adziwa zimenezi, aliyense athamanga kuti akhale woyamba. Umo ndimo mantha okha amagwetsera banki imene dzulo lake idali yamoyo.

Zotere zidaoneka ku Britain mu Seputembala 2007, pamene anthu adandanda m'misewu pa makomo a banki ya Northern Rock, ndi ku America mu Malichi 2023, pamene osungitsa ndalama ku Silicon Valley Bank adafuna kutapa madola 42 biliyoni tsiku limodzi lokha, osasuntha phazi, pongodina pa foni ndi pa kompyuta. Abale athu a ku Zambia nawo akumbukira chaka cha 1995, pamene banki ya Meridien BIAO, imene Andrew Sardanis adaikuza kufikira idafalikira m'maiko ambiri a mu Afrika, idatsekedwa ndalama zambiri za dziko zitathiridwamo kale poyesa kuichirikiza, ndipo mabanki ena ang'onoang'ono adagwa chaka chomwecho.

Koma tisasenzetse mphekesera mlandu wonse. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo banki imayamba kuola m'masiku a zokolola zambiri, pamene aliyense akuitamanda, osati m'masiku a njala. Malonda ena akayamba kupindula, wokongoza ndi wokongola amaledzera pamodzi, chikole sichiyang'anidwanso bwino, ndipo munthu wofunsa kuti nanga mtengo ukadzatsika tidzatani amayesedwa wansanje. Ife tidaziona zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Fodya wa ku Rhodesia atatsekeredwa misika chifukwa cha ulamuliro wa Ian Smith, fodya wa m'maesiteti a kuno adapeza mtengo wabwino, ndipo mabanki awiri a malonda amene adalipo pa nthawiyo, National Bank ndi Commercial Bank, adakongoza ndalama zochuluka kwa nduna ndi akuluakulu a chipani ndi a boma kuti atsegule maesiteti ku Kasungu, ku Mchinji, ku Mzimba ndi kwina, ambiri a iwo asadayendetsepo munda waukulu chotero. Pamwamba pa onse padali kampani ya Press Holdings, ya Dr Kamuzu Banda mwini wake, imene idali ndi masheya m'mabanki onse awiri, nikongola kwa iwo omwewo, nikongolanso ku ADMARC. Ndipo phindu limene ADMARC inkakongoza motero lidachokera kwa alimi ang'onoang'ono, amene bungwelo linkagula mtedza, thonje ndi fodya wawo pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene linkagulitsira. Pofika 1979 ndi 1980 mtengo wa fodya udafooka, mafuta adakwera pa dziko lonse, mvula idavuta, ndipo posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique idadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Maesiteti ambiri adalephera kubweza, Press idamira m'ngongole, ndipo mabanki adatsala pang'ono kumira nayo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: kuilola Press kuti ife kukadaswa mabanki, ndipo kuswa mabanki kukadaswa dziko. Chifukwa chake m'zaka za 1983 ndi 1984 boma lidasenza ngongole za kampaniyo, litapempha kale kwa okongoza akunja kuti aliyembekeze pa ngongole zake, ndiponso litalowa kale m'mapangano owawa ndi World Bank ndi IMF. Palibe khomo la banki limene lidatsekedwa, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti tidapyola m'chigwa chotere. Koma mlimi adalipira kawiri, poyamba pa sikelo ya ADMARC, kenaka pa msonkho ndi pa kukwera kwa mitengo, ndipo mu 1987, bungwelo litafooka, ina mwa misika yake ya kumadera akutali idatsekedwa.

Nkhani imene iyenera kutiwawa koposa ndi ya Malawi Savings Bank, chifukwa muzu wake udali banki ya anthu wamba. Idachokera ku banki ya ku positi imene idayamba m'masiku a atsamunda, ndipo akuluakulu athu akumbukira kabuku kake, kamene mphunzitsi, msilikali wopuma kapena munthu wobwera kumigodi ankapita nako ku positi ofesi, kalaliki nalembamo ndi dzanja, nadinda chidindo, mwini wake nakakulunga m'kansalu ndi kukabisa pansi pa sutikesi pamodzi ndi kalata ya ukwati. Mu 1994 idasandulika kampani ya boma, ndipo nthambi zake zidafika m'maboma akutali kumene mabanki ena sadafune kupita. Koma banki ya boma ili ndi chiyeso chake, pakuti amene ali ndi mphamvu pa boma amakhalanso ndi mphamvu pa iye wovomereza ngongole. Pofika 2015 bankiyi idali ndi ngongole zosabwezedwa zokwana pafupifupi K6 biliyoni, zambiri mwa izo zili m'manja mwa anthu ndi makampani owerengeka, ndipo mpamba wake sudafike pa muyeso umene Reserve Bank idaika. Boma, nduna ya zachuma ali a Goodall Gondwe, lidachotsa ngongole zoipazo m'mabuku a bankiyo n'kuzisenza lokha, ndipo mu Julayi 2015 lidaigulitsa kwa FDH Financial Holdings, aphungu ambiri ndi mabungwe akukana. Osungitsa ndalama sadataye tambala, ndipo pa chimenecho tiyamike. Koma K6 biliyoni ija sidafe ayi, idangosamuka kuchoka kwa amene adadya kunka kwa onse olipira msonkho, ndipo msonkho amalipira ndi mayi wa ku Wenya yemwe pamene agula chitenje, malata kapena mayunitsi a foni. Mwambi uti nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zidatembenuka, akulu ndiwo adadya nkhuyu, opotedwa ndi ana. Ku South Africa nako, banki ya VBS ya ku Thohoyandou, kumene nkhalamba ndi magulu a maliro ankasunga ndalama zawo, idagwa mu 2018 marandi pafupifupi 2 biliyoni atabedwa ndi anthu a m'kati mwake ndi abwenzi awo.

Komabe chilungamo chifuna kuti tisaloze chala kumizinda kokha, pakuti mudzi nawo udagwetsapo nyumba yake ya ngongole. Kwa zaka zambiri boma linkakongoza alimi feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu, ndipo kuyambira 1988 ntchitoyi idali m'manja mwa nthambi ya unduna wa zamalimidwe yotchedwa SACA. Alimi a m'Malawi ankabweza zoposa K90 pa K100 iliyonse, mbiri imene idamveka kutali. Ngakhale tiyenera kuvomereza kuti kubwezako sikudali kwa chikondi chokha, pakuti kalabu yonse inkamanidwa ngongole mmodzi akalephera, ndipo wolephera ankalandidwa mbuzi, njinga, ngakhale chitseko cha nyumba. Chilala chachikulu cha 1992 chitapsereza minda, ndipo mphepo ya ndale za zipani zambiri itayamba kuomba kunka ku riferendamu ya Juni 1993, mawu adafala m'midzi akuti ngongolezo n'za boma limene likupita, ndipo sizidzafunsidwanso. Kubweza kudatsika kufikira pansi pa gawo limodzi mwa magawo anayi, SACA idafa, ndipo m'malo mwake mu 1994 mudalowa Malawi Rural Finance Company, imene inkakongoza pa chiwongoladzanja cha pamsika, nikonda alimi a fodya koposa a chimanga, kufikira nayonso idatsekedwa patapita zaka ngati makumi awiri. Amene adakana kubweza adakondwa chaka chimodzi. Ana awo akhala zaka makumi atatu opanda ngongole ya feteleza yodalirika, maso ali kunjira kudikira makuponi. Ndipo thumba la ngongole la boma, limene lasintha maina kuchoka pa MARDEF kufika pa MEDF ndi NEEF, likudwalabe nthenda yomweyo, yoti ndalama yake imayesedwa mphatso ya ndale.

Tsono tifike pa gwero limene ine ndiliyesa lalikulu koposa onse m'dziko lathu, ndilo boma lokongola mopyola muyeso, ndi kufooka kwa ndalama ya dziko kumene kumatsatira. Boma likamadya zoposa zimene latolera pa msonkho limakongola kwa mabanki a m'dziko momwemo, ndipo mabankiwo amakondwa. Pakuti avutikirenji kutumiza munthu pa njinga yamoto kukaona munda wa mlimi ku Chisenga, pamene boma lili pakhomo kulonjeza chiwongoladzanja chonona popanda thukuta? Ndalama zimene zikadamanga chigayo kapena kutsegula fakitale zimathera kulipira ngongole zakale za boma. Chiwongoladzanja chimakwera kwa onse, monga mu 2024 pamene muyeso wa Reserve Bank udafika pa K26 pa K100 iliyonse, ndipo wa mabanki kwa munthu wamba udaposa pamenepo. Ndipo mabanki amalengeza phindu lalikulu chaka ndi chaka, pamene moyo wawo wamangiriridwa pa wokongola mmodzi, amene akadzapunthwa adzagwa nawo onse. Boma likasowa pokongola limatembenukira ku banki yaikulu, ndalama zimachuluka m'manja pamene katundu sadachuluke, ndipo mitengo imakwera. Pamwamba pa izi, dziko logula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala a ndalama zoposa zimene lipeza pa fodya, tiyi ndi shuga liyenera kusowa madola tsiku lina, ndipo olamulira akaumirira kuti mtengo wa dola usasinthe m'mabanki, madola amathawira kwa osintha ndalama a m'misewu, kufikira tsiku limene kuumirirako kulephereka.

Kwacha idabadwa mu 1971, makwacha awiri akusinthidwa ndi paundi imodzi. Mu Febuluwale 1994 idamasulidwa kuti msika uiikire mtengo, ndipo mu 1995 mitengo ya zinthu idakwera ndi magawo 83 pa 100 alionse. Mu 2011 madola adasowa, magalimoto adagona pa mizere ya mafuta, ndipo pa 20 ndi 21 Julayi anthu adatuluka m'misewu ya Mzuzu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre, pafupifupi 20 nataya miyoyo yawo. Mu Meyi 2012 boma la mayi Joyce Banda lidatsitsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Chaka chotsatira kudaululika kuba kwa ku Capital Hill kotchedwa Cashgate, kumene ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni idatuluka m'thumba la boma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, boma nilinka kukakongolanso kwa mabanki a kuno. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi magawo 44, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola.

Taonani tsono m'mene zimenezi zimalowera m'nyumba. Tinene kuti bambo wina wa ku Wenya adagulitsa ng'ombe zake mu Okutobala 2023, nasunga K1,000,000, kaya kubanki, kaya pa foni, kaya m'chitini pansi pa bedi, kuti mvula ikayandikira agule feteleza ndi kulipira fizi ya mwana. Madzulo ena ndalama yakeyo idali yolingana ndi madola 847. M'mawa mwake, iye asadatsegule chitseko, idali madola 588. Palibe wakuba adathyola zenera, palibe banki idatsekedwa, manambala m'buku sadasinthe. Koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lake lidapita. Ndipo m'boma la Chitipa ululu umenewu umamveka msanga, chifukwa sopo, mafuta ophikira, zitenje ndi zipangizo za njinga zamoto zambiri zimalowa kuchokera ku Tunduma ndi ku Mbeya, kapena ku Nakonde ndi ku Isoka, kumene wamalonda ayenera kusintha kwacha yathu ndi shilingi ya Tanzania kapena kwacha ya Zambia kwa anyamata a pamalire, amene sadikira chilengezo cha Reserve Bank kuti akweze mtengo. Wogula wochokera kutsidya, ndalama yake italimba, amadza kudzatenga chimanga ndi nyemba pa mtengo umene pa nthawi yokolola umaoneka wokoma, ndipo mu Febuluwale mlimi yemweyo amagula chimanga chodula kuposa chimene adagulitsa. Thumba la feteleza la makuponi, limene mlimi adalipira K4,495 mu 2020, lidafika pa K15,000 mu 2022, ndipo la pa sitolo lidapitirira K100,000 pofika 2025.

Wofuna kuona kumene njira imeneyi imathera afunse ana a Amalawi amene makolo awo adapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za ku Zimbabwe. Kumeneko mabanki angapo adatsekedwa mu 2004, pofika 2008 mitengo inkasintha tsiku ndi tsiku, ndipo mu Januwale 2009 banki yaikulu idatulutsa pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni, ndalamayo isadasiyidwe konse chaka chomwecho. Nkhalamba zimene zidadulidwa penshoni ndi inshuwalansi pa malipiro awo kwa zaka makumi atatu kapena anayi zidapeza kuti thukuta la moyo wawo wonse lasanduka mapepala osagula kanthu, ndipo zambiri zidasowa ngakhale ndalama yobwererera kwawo.

Palinso khomo lina limene tsoka lakutali limalowera, ndilo la ana athu a paulendo. Msika wa masheya wa ku New York utagwa mu Okutobala 1929, ndipo mabanki pafupifupi 9,000 a ku America atatsekedwa pakati pa 1930 ndi 1933, mafakitale adaleka kugula mkuwa. Migodi ya ku Northern Rhodesia, kumene amuna ambiri a kumpoto kwa Nyasaland ankagwira ntchito, idachepetsa antchito ake kuchoka pa pafupifupi 30,000 kufika pochepera 8,000 m'zaka ziwiri, ndipo amuna adabwerera kwawo wapansi, kukapeza msonkho wa nyumba ukuwadikira monga kale, ena naloza ku migodi ya golide ya ku Lupa m'Tanganyika. Mu Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers idagwa, mabanki a ku America atakongoza ndalama zogulira nyumba kwa anthu osatha kubweza pokhulupirira kuti mtengo wa nyumba sudzatsika, monga momwe athu adakhulupirira za fodya. Mtengo wa mkuwa udagwanso, mgodi wa ku Luanshya nutsekedwa. Lero, pamene mabanja ambiri a kumpoto adalira ndalama zotumizidwa kuchokera ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ntchito ikafooka kumeneko nsima imachepa kuno.

Koma chotayika chachikulu, chimene sichilembedwa m'mabuku a owerengera chuma, ndicho chikhulupiriro. Munthu amene waona ndalama yake ikutha mphamvu amabwerera ku nzeru ya makolo yakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Amagula ng'ombe, malata kapena njerwa, ndipo ine sindimdzudzula, ngakhale ng'ombe nayo imafa ndi matenda, ndipo chuma choimirira m'khola sichingamangire mnansi chigayo. Pamene ngongole yoyenera yasowa, wakatapila amalowa, wokongoza K10,000 kuti mwezi ukatha alandire K15,000 kapena K20,000, chikole chake chili munda umene sunakololedwe.

Pakati pa banki yakutali ndi katapila wapafupi, amayi a m'midzi yathu adapeza pothawira pa banki m'khonde. Amakhala pamphasa tsiku lopangana m'sabata, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Mlembi aitana maina, aliyense aponya masheya ake poyera, owerenga ndalama aziwerenga mokweza kuti onse amve, wochedwa alipira chindapusa, ndipo kathumba ka maliro ndi matenda kasungidwa pakokha. Ndinena mosakayika kuti m'dongosolo limeneli muli nzeru zimene mabanki aakulu adazitaya asanagwe: palibe atsegula yekha, palibe ngongole yobisika, ndipo wokongola adziwika ndi onse kufikira mbuzi zake. Koma nayo banki m'khonde imagwa, ndipo imagwa ndi matenda omwewo amene tawaona kwa akuluakulu: pamene wapampando kapena mkazi wa munthu wolemekezeka akongola zambiri, ena nachita manyazi kumfunsa, pamene membala akongola ku gulu ili kuti abweze ku gulu lina, nakongolanso kwachitatu kuti atseke dzenje lachiwiri, pamene gulu likakamiza aliyense kukongola, angakhale alibe malonda, kuti chiwongoladzanja chichuluke, mpaka mwezi wa Disembala, nthawi yogawana itakwana, bokosi lipezeka lodzala maina m'malo mwa ndalama, ziwiya ndi mbuzi zilandidwa, maukwati agwedezeka, ndipo ena athawa m'mudzi usiku. Ndipo ngakhale gulu loyenda bwino koposa silingathe kudziteteza ku kugwa kwa kwacha, pakuti ndalama imene lagawana mu Disembala sigula zimene ikadagula mu Januwale pamene lidayamba kuponya.

Nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo maiko nawo, atapsa kambiri, adapangana zodzitetezera. America idakhazikitsa inshuwalansi ya osungitsa ndalama mu 1933. Ife tidachedwa, koma lamulo la 2022 lidabala Deposit Insurance Corporation, imene idayamba ntchito mu 2023, nilonjeza kubwezera wosungitsa aliyense mpaka K3 miliyoni banki yake ikagwa. Reserve Bank, imene idayamba ntchito mu 1965, ili ndi mphamvu yoyendera mabuku a mabanki, yowalamula kusunga mpamba wokwanira, ndi yolanda chilolezo, monga idachitira ndi Finance Bank mu 2005. Zimenezi n'zabwino, ndipo zachepetsa mantha othamangira pakhomo. Koma chitetezo chimenechi sichifika pa bokosi la pakhonde, ndiponso chimabweza manambala okha, osati mphamvu ya kwacha. Mlonda amene alonda mabanki sapindula kanthu ngati sangathe kukaniza boma lomwe lidamlemba ntchito pamene lifuna kukongola mopyola. Ndipo sadzatha kulikaniza ngati anthu eni ake a dziko sasamala nkhaniyi, nangoiyesa ya ophunzira a kumizinda.

Chifukwa chake, inu a ku Wenya, a ku Nthalire ndi a ku Chisenga, phungu wanu akadzafika pabwalo, musadzamfunse za mlatho ndi makuponi zokha; mudzamfunse kuti boma lakongola zingati chaka chino, kwa yani, ndi pa chiwongoladzanja chotani, ndiponso kuti pa K6 biliyoni ya Malawi Savings Bank zabwezedwa zingati, ndipo amene sadabweze ndani. M'magulu anu a pakhonde musalole wina aliyense, angakhale akhale mkazi wa amfumu, kukongola zoposa zimene malamulo a gulu alola. Ndipo akadzabwera wina pa nthawi ya kampeni kudzakuuzani kuti ngongole imene mudatenga ku boma musabweze, mudzamkumbutse za SACA, ndipo mudzamkane.